Maliro a Munthu Wamoyo

Swadick Alide anali pafupi kulengeza maliro a munthu wamoyo. Anali mu ofesi yake ya zaumoyo ku boma la Mangochi, zala zili pa kompyuta, thukuta la mwezi wa Novembala likutsika m'khosi. Munthu amene ankafuna kumulemba kuti wamwalira anali mjomba wake, Che Sulemani, mlongo wa malemu mayi ake, amene pa ola lomwelo anali kusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi Malindi, wamphamvu ngati mnyamata. Munthu safika pa tchimo lotere ndi phazi limodzi. Amafikapo pang'onopang'ono, ndipo pa sitepe iliyonse amadziuza kuti sanalakwe kwenikweni.

Mayi ake a Swadick, a Awa, anamwalira iye ali mu Sitandade 3. Che Sulemani ndiwo anamutenga, namulera pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, Hidaya. Mkuluyo sanapondeko m'kalasi kupatula ku madrasa, koma anali ndi buku lake lachilendo. Pa doko lakale, m'madzi ofika m'chiuno, panali chitsulo cha njanji chimene chinazikidwa kale kwambiri. Chaka chilichonse, mvula ikatha ndipo nyanja ikafika pamene yafuna kufika, Che Sulemani ankalowa m'madzi ndi tupa natema mzere pa chitsulocho. Mizereyo inali makumi atatu ndi isanu ndi itatu, ndipo uliwonse ankaudziwa ngati mwana wake. Ankadziwa kuti chaka chimene madzi alumpha bango nakakhala kuseri kwake, nkhono zimaswana, ndipo mwezi wachitatu usanathe ana amayamba kukodza magazi. Ankadziwanso kuti kale likodzo silinkavuta chotere chifukwa kunali nsomba zodya nkhonozo, zimene anthu anazitha ndi maukonde a masikito.

Swadick, atabwera ndi digiri yake, anakhala pa mphasa miyezi yambiri akufunsa ndi kulemba. Anayeza mizereyo ndi tepi, naiyerekeza ndi chiwerengero cha odwala likodzo, ndipo zinagwirizana mochititsa mantha. Analemba pepala labwino m'Chingerezi. Pamwamba pake anaika dzina lake lokha. Dzina la mjomba wake linali pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono ngati usipa, pa mawu othokoza.

Pepalalo linafika kutali. Kumpoto kwenikweni kwa dziko la Norway kunali kukonzedwa msonkhano wa akatswiri ofufuza za madzi oundana, kusintha kwa nyengo, magetsi, ndi umoyo wa eni nthaka a kumeneko. Mmodzi wa okonza msonkhanowo, Mayi Risten, wa fuko la Asami amene amaweta nyama zonga mbawala, analemba kuti akufuna anthu a kumpoto amve kuti kulinso anthu a kunyanja yotentha amene amawerenga madzi monga iwo amawerengera ayezi. Anaitana anthu awiri: wolemba pepala ndi mwini chitsulo.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lomwelo Swadick anakwera matola kupita ku Malindi kukanena nkhaniyo. Anatumizanso kwa Hidaya, amene tsopano anali mphunzitsi, linki ya pamene msonkhanowo udzaonetsedwe, kuti mudzi wonse udzamuone. Che Sulemani anapita ku Blantyre kukajambulitsa pasipoti, ndipo pobwerera anagula jekete la kaunjika pa msika wa ku boma, lalitali, lolemera ngati thumba la mpunga. Lachisanu lina analivala kupita nalo ku mzikiti dzuwa likuswa mtengo.

"Baba, mupsa muli moyo," anatero Hidaya.

"Ndikuliphunzitsa thupi," anayankha mkuluyo. "Iwe sudziwa kuti kumeneko ukalavula, malovu amagwa ngati mwala?"

"Wakuuzani ndani? A Dokotala a nkhonowa?" Hidaya analoza msuweni wake ndi mlomo. "Awa ndiwo adzakhale oyamba kulira kuzizira. Mudzawabereke kumbuyo monga kale."

Onse anaseka, ndipo Swadick anaseka nawo. Kuseka kwake kunatha pamene anayamba kuwawerengera pepala lija, akumasulira ndime ndi ndime. Asanafike pakati, mkuluyo anakweza dzanja.

"Ayi, mwanangu. Chaka chimenecho madzi anakwera, inde, koma mwera unawomba msanga nuphwanya bango. Nkhono sizinakhale. Odwala amene ukuwawerengawo anali ochokera kumtunda, anabwera kudzagula nsomba. Walemba molakwa."

"Koma chiwerengero chikusonyeza..."

"Chiwerengero chinalipo pa doko? Ine ndinalipo. Usadandaule, zimenezi ndikawauza ndekha. Iwe uzikangomasulira."

Mawu otsirizawo anam'lasa Swadick ngati minga ya mlamba. Iwe uzikangomasulira. Anaona m'maganizo mwake holo yodzaza ndi maprofesa, onse atatembenukira kwa nkhalamba ya chikofia ndi jekete la kaunjika, iye ataima pambali ngati mnyamata wonyamula chikwama. Anaona anthu akuzindikira kuti nzeru za m'pepalamo mwini wake ndani. Munthu wophunzira ayenera kuopa kwambiri nthawi imene ayamba kuchita manyazi ndi dzanja limene linam'dyetsa.

Poyamba analemba bodza laling'ono. Anauza Mayi Risten kuti mkuluyo akudwala ndipo sangathe ulendo wautali. Yankho linabwera tsiku lomwelo, lodzaza ndi chifundo. Mayiyo anati palibe vuto, adzakonza zoti mkuluyo alankhule pa foni ali kwawo, nkhope yake ikuoneka pa khoma. Anaonjeza kuti pa msonkhano wawo ali ndi lamulo limodzi losasinthika: nzeru za mkulu sizikambidwa mwini wake ali moyo koma ali chete.

Swadick anawerenga mawu amenewo katatu. Ali moyo koma ali chete. Khomo lotulukira linali limodzi lokha, ndipo analiona. Ndipo pa tsiku lija la Novembala analemba kuti ndi chisoni chachikulu akudziwitsa okonza msonkhano kuti Che Sulemani atisiya. Anadina batani. Fani ya kudenga inapitiriza kuzungulira, ndipo panja wogulitsa nthochi anapitiriza kuitana malonda.

Kwa mjomba wake ananena kuti azungu akana kupereka viza chifukwa cha ukalamba. Mkuluyo anayang'ana chingwe cha ukonde m'manja mwake. Kenaka analowa m'nyumba natuluka ndi jekete lija.

"Basi, Mulungu sanalembe," anatero. "Tenga ili. Likaone dzikolo m'malo mwanga. Ndipo chaka chija ukachikonze, usakanamize anthu."

Swadick analandira ndi manja awiri.

Anafika kumpoto mu Januwale, ndipo anapeza dziko lopanda dzuwa. Anali atawerenga za zimenezi, koma kuwerenga ndi kwina. Cha m'ma leveni koloko kumwamba kunkayera pang'ono ngati phulusa, ndipo isanakwane thu koloko mdima unali utabwerera. Sankadziwa nthawi yoswali, nthawi ya mapemphero ake a Chisilamu. Foni yake inkamupatsa maola osamveka, ndipo m'chipinda chake cha ku hotela anayala thaulo pansi osadziwa ngati akuswali ya masana kapena ya madzulo. Pomaliza anasiya. Anthu anali aulemu koma ofulumira. M'misewu munali chete, chipale chofewa chikulira pansi pa nsapato, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe womufunsa kuti wadzuka bwanji ndi kudikira yankho. Jekete la mjomba wake linkanunkha utsi wa nsomba ndi mafuta onunkhira a ku mzikiti. Ankalivula msanga akangolowa m'chipinda, nalipachika kuseri kwa chitseko kuti asamalione.

Masiku awiri anakhala kumbuyo kwa holo akumvetsera. Anamva za ayezi amene akusungunuka msanga kotero kuti alenje akumira m'njira zimene makolo awo ankadutsa ndi ziweto. Anamva abusa akudandaula kuti makina aakulu opangira magetsi ndi mphepo amangidwa pa msipu wawo popanda kuwafunsa. Anamva namwino wa ku mudzi wina wa kutali akufotokoza za achinyamata amene akutaya mtima chifukwa ntchito za makolo awo zikutha. Chimene chinam'vutitsa n'chakuti pafupifupi katswiri aliyense ankakwera pa nsanja ndi nkhalamba pambali pake. Nkhalambazo zinkalankhula zinenero zawo, mosafulumira, zina zikukonza maprofesa pamaso pa anthu, ndipo maprofesawo ankaseka ndi kulemba. Palibe amene ankaoneka wochepa chifukwa cha zimenezo. Swadick anaona, namvetsa, koma madzi anali atatayika kale.

Tsiku lachitatu linali lake. Atakwera pa nsanja anapeza mipando iwiri. Pa umodzi panali chikopa chofewa, ndipo pa khoma kumbuyo kwake panali chithunzi chachikulu cha Che Sulemani, chija cha pasipoti chimene iye mwini anatumiza mu Okutobala. Mayi Risten, wamfupi, wa tsitsi la imvi, atavala chovala cha kwawo cha buluu ndi zofiira, anam'gwira dzanja.

"Kwathu mkulu akaitanidwa namwalira asanafike, mpando wake sitichotsa," anatero motsitsa mawu. Kenaka anayang'ana jekete limene Swadick analikoleka pa mkono. "Ili si la msinkhu wanu. Linali lawo?"

"Linali lawo," anayankha Swadick.

"Mungalole kuti likhale pa mpando wawo?"

Analola. Akanakana bwanji? Jeketelo linayalidwa pa mpando, manja ake akulendewera. Mayi Risten anauza anthu mazana atatu kuti msodzi wa ku Malawi amene anatema chitsulo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu wamwalira asanawaone, ndipo onse anaimirira nawerama mitu. Mayi wina wachikulire anaimba nyimbo ya kwawo yopanda mawu ambiri. Anthu ena anapukuta misozi.

Swadick analankhula bwino kwambiri. Chaka chija sanachikonze. Atamaliza anthu anawomba m'manja nthawi yaitali, ndipo mbusa wina wokalamba anaimirira nafunsa kudzera mwa womasulira funso limodzi lokha: chaka chino mzere adzatema ndani?

"Ine," anatero Swadick, ndipo anawombanso m'manja.

Pambuyo pake Mayi Risten anam'patsa mpeni wa chigwiriro cha nyanga, wokulungidwa mu nsalu, kuti akapereke kwa ofedwa. Ali ndi mpeniwo m'manja, foni yake inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Hidaya. Apo m'pamene anakumbukira linki ija.

"Taonera," unatero uthengawo. "Ndinabwereka kompyuta ya kusukulu. Tinali anthu oposa makumi awiri pa khonde, a shehe analiponso. Baba anavala mkanjo wawo woyera. Ataona chithunzi chawo anaseka. Ataona anthu akuwerama anandifunsa kuti akutani. Ndinayesa kukhala chete. Anandilumbiritsa. Ndawauza."

Anaimba foni kasanu ndi kawiri. Palibe anayankha. Anatuluka panja wopanda jekete, naima pa chipale, akuyang'ana nyanja yakuda ya kumeneko imene inalibe bwato ngakhale limodzi. Inali wani koloko masana, ndipo nyali za mumsewu zinali zoyaka.

Atabwerera ku Mangochi anakhala masiku anayi asanalimbe mtima kuwoloka mlatho wopita ku Malindi. Anapeza mjomba wake pamalo pomwe paja, pansi pa mango, ukonde uli pa maondo. Hidaya anali pa khonde akuchonga makope a ana.

"Salaam aleikum, mjomba."

Kwa Msilamu, kubweza moni umenewu ndi udindo, ngakhale kwa mdani. Che Sulemani sanabweze. Anapitiriza kusoka. Swadick anagwada pa mchenga wotentha, naika jekete ndi mpeni patsogolo pawo.

"Mjomba, ndinalakwa. Ndinachita mantha. Ndikhululukireni."

"Hidaya," anaitana mkuluyo osakweza mutu, "muuze mlendoyu kuti akufa salankhula."

"Mwamva," anatero Hidaya.

"Umufunse, ndinamwalira liti? Ndikufuna kudziwa. Mwina ndakhala ndikudya chakudya cha amoyo mosayenera."

Swadick anayankha: "Mu Novembala."

"Novembala! Ndiye masiku makumi anayi anakwana kale. Sadaka yanga ili kuti? Mpunga sindinauone, mbuzi sindinaione. Mwana wa mlongo wanga ndi wouma manja chotere?" Mkuluyo anaseka pang'ono. "Ndipo chokulungidwacho n'chiyani?"

"Mpeni. Anati ndipereke kwa... kwa a pabanja."

"Kwa ofedwa. Wofedwa ndi iyeyo. Atenge. Jeketelonso atenge, linakhala kale pa mpando wa maliro."

Atatero ananyamula ukonde wake nalowera kunyanja. Hidaya anaperekeza msuweni wake mpaka pa msewu. Nthabwala za pachisuweni zinali zitatha. Sanamutchenso Dokotala wa nkhono.

"A Swadick, mverani," anatero. "Usiku uja Baba sanadye. Sikuti akulira ulendo. Akuti anthu aja anawalirira ndi mtima woona, ndipo misozi yawo inabedwa. Akufuna chinthu chimodzi. Mulembere mayi uja kuti ali moyo, ndipo mubwere ndi yankho lake kudzawawerengera. Mukatero adzabweza moni wanu. Andiuza ndikuuzeni."

"Ndilemba mawa," anatero Swadick.

Apa ndi pamene munthu aliyense womva nkhaniyi ayenera kutchera khutu, pakuti khomo linali lotsegula ndipo mtengo wake unali wodziwika. Swadick analembadi kalatayo m'mawa mwake. Inali yaifupi ndi yoona. Koma asanaitumize anaona imelo ina yochokera kumpoto: pepala lake lidzasindikizidwa m'buku la msonkhano, ndi tsamba lapadera lokumbukira malemu Sulemani, ndipo akumuitananso chaka chamawa. Anaganiza za dzina lake, za akuluakulu a ku ofesi amene anali atam'yamikira pamaso pa anzake, za nkhope ya Mayi Risten ikuwerenga. Anasunga kalatayo osatumiza. Anati adikire buku lituluke. Buku litatuluka anati adikire mtima wa mkuluyo uzizire wokha, pakuti magazi sakanana.

Miyezi inapita. Anthu a ku Malindi akakumana naye pa msika wa ku boma ankam'patsa moni wamfupi nayang'ana kumbali. Ku mzikiti wa m'tauni ankaswali kumzere wakumbuyo natuluka msanga. Madzulo ankakhala yekha m'nyumba yake ya lendi, jekete lili kuseri kwa chitseko, mpeni uli m'kabati. Mu Meyi nyanja inakwera kuposa zaka zonse, nilowa m'nyumba za m'mphepete. Anamva kuti Che Sulemani analowa m'madzi ofika pachifuwa, Hidaya atawagwira mkono, natema mzere wa makumi atatu ndi chisanu ndi chinayi pafupi ndi nsonga ya chitsulo. Swadick, amene analonjeza anthu mazana atatu kuti adzatema ndiye, anali mu ofesi akudzaza mafomu. Kawiri anakwera matola nakatsikira panjira. Kalata ija inali m'kompyuta, yosatumizidwa. Mlandu suwola, koma munthu wokalamba sadikira.

Lamulungu lina la mwezi wa Julaye, mwera ukuwomba, anapita ku msika kukagula chambo. Mayi wogulitsa, wochokera ku Malindi, anam'yang'ana modabwa.

"Pepani ndi zovutazi, achimwene. Koma ku manda sitinakuoneni. Munali kunja kwa dziko?"

"Manda a ndani?"

Mayiyo anaika nsomba pansi naphimba pakamwa ndi nsalu.

Che Sulemani anamwalira Lachinayi m'bandakucha, chifuwa chitawagwira masiku atatu. Monga mwa mwambo wa Chisilamu, anasambitsidwa, navekedwa nsalu yoyera ya sanda, naikidwa m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Kuchokera ku boma kufika ku Malindi ndi ulendo wosakwana ola limodzi. Foni ya Swadick inali yoyaka tsiku lonselo. Anthu mazana anadziwa, ndipo panalibe mmodzi amene anaimba.

Swadick atafika ku Malindi anapeza Hidaya atakhala pa mphasa m'nyumba, atafunda nsalu kumutu. Sanakalipe. Analankhula ngati akuwerenga kaundula wa m'kalasi.

"Lachitatu anafunsa ngati kwabwera kalata. Ndinati ayi. Anafunsanso madzulo. Kenaka anaitana a shehe nati, 'Swadick musamuvutitse. Iye analira kale, ndipo munthu salira maliro amodzi kawiri.' Tinachita monga ananenera."

"Analowa m'manda ndani kukawalandira?" anafunsa Swadick. Imeneyo inali ntchito yake. Mwana wa mlongo ndiye amatsikira m'dzenje, nalandira thupi, naligoneka choyang'ana ku Maka.

"A Yasini, osoka maukonde anzawo aja. Si achibale, koma analipo."

Swadick anapita yekha ku manda. Dothi linali lisanaume bwino. Anapereka salaam, monga amachitira munthu polowa pakati pa akufa, naima nthawi yaitali mphepo ikumuwomba. Madzulo a tsiku lomwelo anabwerera ku ofesi natumiza kalata ija, ataonjezapo mzere umodzi wonena kuti tsopano n'zoona, mkuluyo wamwaliradi. Mayi Risten anayankha patapita sabata, mwa mawu ochepa, kuti pepala lachotsedwa m'buku ndipo kuitana kuja kwafafanizidwa.

Zimenezo zinali zazing'ono. Swadick Alide anapita kumpoto kukatenga ulemu wa ola limodzi. Anaulipira ndi moni wa munthu amene anamulera, umene sunabwezedwe mpaka imfa, ndi malo ake m'manda a mjomba wake, amene anaimamo munthu wina.